Khadi Lachikasu la Jazlyn

Pasukulu pathu pali kachipinda kopanda zenera kuseri kwa ofesi ya ahedi, ndipo ana saloledwa ngakhale kusuzumiramo. Pakhoma pake pamamatidwa makadi, mwana aliyense lakelake, m'mizere itatu. Makadi obiriwira ndi a ana amene adzakhoze mayeso a boma a kuwerenga ngakhale aphunzitsi tonse titangogona chaka chathunthu. Achikasu ndi a amene atsala pang'ono kufika pa malikisi okhozera. Ofiira ndi a ana amene ali kutali kwambiri, moti palibe amene amatuluka nawo thukuta. Katatu pachaka, mu Sepitembala, mu Januwale ndi mu Malichi, ana amakhala pa kompyuta ola limodzi kuyankha mafunso, ndipo makinawo ndi amene amagamula mtundu wa khadi la aliyense. Lamulo lake n'lakuti ana asamadziwe za mitunduyi.

Ine ndine Corinne Bloxom. Ndaphunzitsa mbiri yakale ya Amereka mu giredi 8 kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, kuyambira pa anthu amene Angelezi adawapeza kuno mpaka pa nkhondo yodzichotsa m'manja mwa mfumu ya ku Mangalande ndi kukhazikitsidwa kwa dziko latsopano. Phunziro langa lilibe mayeso a boma m'dera lathu lino, ndiye lili ngati nkhokwe yopanda mwini: aliyense wosowa ola amadzatapa mwa ine. Ojambula zithunzi akabwera, ndi piriyodi ya mbiri. Anesi akabwera kudzayeza ana maso, ndi piriyodi ya mbiri. Zaka zoyambirira ndinkakalipa mpaka mawu kusasa, kenako thupi linangozolowera, ngakhale pakamwa panga sipanazolowere mpaka lero.

Jazlyn Tull anafika m'kalasi mwanga ndi khadi lofiira. Anali ndi zaka khumi ndi zitatu, wamtali kuposa anzake onse, ndipo ankakhala ndi bambo ake okha kutali kumene basi ya sukulu imatembenukira. Bambowo ankayendetsa lole yonyamula nkhuku kuchokera m'makola kupita ku fakitale ya kumapeto kwa tauni, kumene theka la makolo a ana anga amagwira ntchito. Jazlyn ankakhala kumbuyo pafupi ndi hita yotenthetsera m'kalasi, n'kumapaka zikhadabo zake inki ya cholembera. Ndikamuuza kuti awerenge mokweza ankati waiwala magalasi kunyumba. Nditafunsa anesi ndinamva kuti maso ake alibe vuto lililonse ndipo magalasi sanavalepo chibadwire. Sindinamuumirize. Piriyodi yachitatu imeneyo ndinali ndi ana makumi atatu, ndipo mwana wosasokosa ndinkamuyesa mphatso.

Mu Okutobala ndimatulutsa fayilo yanga yakale. Zaka zapitazo ndinajambulitsa ku laibulale zidziwitso zoposa mazana awiri za m'nyuzipepala za m'ma 1760, zimene anthu ankaika kapolo kapena wantchito wawo akathawa. N'zazifupi, mizere isanu kapena isanu ndi umodzi, ndipo bwanayo, pofuna kuti munthu wake agwidwe, ankamufotokoza mwatsatanetsatane: msinkhu, zipsera, kayendedwe, zovala zimene wathawa nazo. Mwana aliyense ndimamupatsa chimodzi kuti awerenge ndi kujambula munthuyo. Buku lathu lophunzitsira limangoti m'minda ya fodya munali akapolo ambiri, basi, n'kuthamangira kwa akuluakulu ovala mawigi. Ine ndimafuna kuti mwana aone kaye munthu mmodzi wokhala ndi dzina ndi mapazi.

Jazlyn chinamugwera cha mtsikana wina dzina lake Phebe, kapolo wa zaka ngati khumi ndi zinayi. Ndinamuona akuyendetsa chala pansi pa mzere woyamba, milomo ikugwedera, mpaka belu linalira asanajambule kanthu. Anzake atatuluka anabwera patebulo langa, pepala lili m'manja, n'kundifunsa ngati wamva bwino kuti mtsikanayo anathawa atavala nsapato za mkazi wa bwana wake. Ndinati wamva bwino. Anaseka, kuseka kwake koyamba kumene ine ndinakumva, n'kunena kuti ameneyo ndiye anali dolo. Mzere wakuti Phebe amayankha mwamwano akafunsidwa ndinachita kumuwerengera ndine, ndipo unamukoma kuposa nsapato zija.

"Ndiye anamugwira, madamu?"

"Sindikudziwa. Koma munthu akagwidwa n'kuthawanso, bwana wake ankalembanso. Fayilo ndi iyo. Ngati alimo kachiwiri, umupeza wekha."

Kunena zoona ndinkangofuna kuti achoke, chifukwa ndinali ndi mphindi zinayi zoti ndithamangire kuchimbudzi gulu lina lisanalowe. Koma mawa lake pa nkhomaliro anagogoda atanyamula thireyi yake ya pitsa ndi kabokosi ka mkaka, n'kukakhala pakona ndi fayilo ija. Mkuja wake chimodzimodzi. Sankangoyang'ana dzina n'kudumpha, monga ndikanachitira ine. Ankawerenga chidziwitso chilichonse mpaka pansi, poopa kuti mwina Phebe anasintha dzina ndipo angamudziwire pa chipsera cha moto chimene anali nacho padzanja lamanzere. Akakakamira pa liwu ankatchula zilembo zake chimodzichimodzi osadzutsa mutu, ine n'kumuyankha ndili pakati potafuna sangweji yanga. Poyamba ankafunsa mawu khumi pa chidziwitso chimodzi. Pofika kumapeto kwa Novembala ankafunsa awiri, mwina limodzi lokha.

Anamupeza sabata yoyamba ya Disembala. Bwana yemwe uja analembanso patatha chaka: Phebe wathawa kachiwiri, tsopano ndi wometedwa mpala ndipo zala ziwiri za kuphazi zinaduka ndi chisanu. Ulendo uno Jazlyn sanaseke. Anandifunsa kuti ankathawira kuti, poti dziko lonse linali la anthu omwewo. Pa zaka zonsezi palibe mwana wa khadi lobiriwira amene anandifunsapo funso limenelo. Tinayala mapu patebulo n'kumayeza ndi zala mtunda wochoka ku mtsinje wina kufika ku wina, pitsa ikuzizira. Mawa lake m'kalasi mnzake wina ananena kuti akanakhala iye kapolo akanangomenya bwanayo n'kumapita. Jazlyn anaimika dzanja, koyamba chaka chimenecho, n'kumufunsa kuti akanalowera kuti, wapansi, m'chisanu, ndipo akanafikako ndi zala zingati.

Mu Januwale ana analemba mayeso a pa kompyuta aja, ndipo Lachitatu lotsatira aphunzitsi a giredi 8 tinakumana m'kachipinda ka makadi. Amene amasuntha makadi ndi Trent Hallowell, wachiwiri kwa ahedi, wa zaka makumi atatu ndi zisanu, amene ndinamuphunzitsa ndekha makutu ake akadali aakulu kuposa mutu. Si munthu woipa, ndipo n'zimene zimandinyansa kwambiri, chifukwa munthu woipa umatha kudana naye mtima uli phee. Anatola khadi la Jazlyn, kuyang'ana papepala lake kawiri, n'kulichotsa pa mzere wofiira. Anati mwa ana onse a giredi 8 palibe amene wakwera chomwecho, ndipo anafunsa ngati wina akudziwa chimene chachitika.

Apa ndiye ndinadzichemerera. Ndinafotokoza za fayilo, za nkhomaliro, za Phebe, mpaka ndinaitanira aphunzitsi a Chingelezi kuti tsiku lina adzaone mmene mwana amaphunzitsidwira kuwerenga. Anzanga anaomba m'manja mwaulesi. Trent analemba khadi lachikasu, kulimata, kenako n'kuwerenga mayina a ana achikasu amene kuyambira pa 1 Febuluwale azikakhala ku chipinda cha makompyuta piriyodi yachitatu m'malo mwa mbiri, mpaka mayeso a boma a mu Meyi. Dzina la Jazlyn linali lachinayi.

Mwambo umenewu ndinkaudziwa bwino. Chaka ndi chaka amanditengera ana asanu ndi mmodzi kapena asanu ndi awiri, ine n'kusayina uku ndikung'ung'udza. Koma sizinandifikepo m'mutu kuti ungakhudze Jazlyn, poti ofiira sawagwira. Walira mvula walira matope.

Anthu atatuluka ndinatsala naye Trent. Ndinamuuza kuti akuzula mbewu pamene yamera kuti akaibzale pa simenti. Iye anandilozera khoma lija. Anati sukulu yathu yatha zaka ziwiri ili pa mndandanda wa boma wa sukulu zolephera, ndipo pakufunika ana ena khumi ndi mmodzi akhoze mu Meyi, apo ayi boma litumiza anthu ake kudzayendetsa sukuluyi, woyamba kuchoka ndi ahedi, wachiwiri iyeyo, enafe tizitsatira. Ana khumi ndi mmodzi amenewo sakanachokera kwa ofiira. Ndinati zonse za pa kompyutazo ndimuphunzitsa ndekha, andisiyire ola langa lokhalo. Anati makina amawerenga mphindi zimene mwana wakhalapo, ndipo ku ofesi yaikulu ya zamaphunziro amaona mphindizo Lachisanu lililonse, pamene mphindi za m'kalasi mwanga palibe makina amene amaziona.

"Nanga nkhomaliro?"

"Achikasu azidyera komweko, Corinne. Sindine ndinapanga zimenezi."

"Iwe Trent, ndinakukhozetsa mwachifundo ine. Usaiwale."

"Ndikukumbukira, madamu. Koma mayina apita kale."

Ndinapitako kamodzi kukasuzumira ku makompyuta kuja. Munali ana khumi ndi asanu ndi atatu, mahedifoni m'makutu, aliyense akuwerenga kandime ka njuchi kapena ka mapiri ophulika, n'kusankha yankho limodzi mwa anayi. Mwana akalondola, kadzidzi wojambulidwa ankavina pa sikirini. Jazlyn anali pa makina a pakona, chipewa cha juzi chili kumutu. Ndinamupatsa fayilo ija kuti azikawerengera kunyumba, koma patatha sabata anaibweza. Anati kunyumba akakakamira pa liwu palibe womufunsa, bambo ake amafika atatheratu, ndiponso mawu akale amenewo sawadziwa. Kutsalira masana sakanatha, chifukwa basi ya kwawo ndi imodzi yokha ndipo imanyamuka belu lomaliza likangolira.

Chapakati pa Febuluwale anandiimitsa pakhomo pa kalasi langa nthawi yosinthana makalasi, anzake akulowa, iye akuyenera kupitirira. Tsiku limenelo ndinali nditapsa kale mtima, chifukwa m'mawa mwake anabwera anthu kudzanyamula mipando isanu ndi iwiri m'kalasi mwanga kupita nayo ku makompyuta, osandiuza n'komwe.

"Madamu, ndinalakwa chiyani?"

Ndinamuuza kuti sanalakwe kanthu, amutenga chifukwa wachita bwino kwambiri.

"Nanga Brielle? Brielle satha kuwerenga ngakhale zakudya zolembedwa kukantini, koma ndi uyo wakhala apoyo. Ine ndayesetsa, andithamangitsa. Mundiuze zoona, musandinamize ngati enawo."

Pamenepo ndikanatseka pakamwa. Lamulo lija ndinalisunga zaka zonse zimene khomalo lakhalapo. Koma ndinamuuza zonse, za kachipinda kopanda zenera, za mizere itatu, kuti iye anali wofiira ndipo tsopano ndi wachikasu. Ndinanena ndi mawu amene amandilirabe m'makutu mpaka pano, akuti ofiira amawasiya, palibe amene amawafuna. Ine ndinkati ndikunyoza sukulu.

Anayang'ana m'kalasi mmene anzake ankatulutsa mabuku m'zikwama. Kenako anafunsa kuti mayeso ena a pa kompyuta ndi liti. Ndinati mu Malichi, sabata yachiwiri. Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, kukoka chipewa chake chija, n'kumapita.

Ndisaname, ndinaona chimene chinalowa m'mutu mwake, ndinachiona bwinobwino. Nthawi yomuitana kuti asayerekeze inalipo. Analipo masabata atatu athunthu amene tinkadutsana m'khonde tsiku ndi tsiku. Poyamba ndinadziuza kuti mwina ndamuganizira molakwa. Kenako ndinadziuza kuti mayeso a mu Malichi ndi ongoyeserera, sapita kulikonse. Akalephera, khadi lifiira, abwerera kwa ine, ndipo mu Meyi adzakhoza ndi zimene waphunzira m'kalasi mwanga, Trent n'kugwa nkhope. Ndinkaziona ndithu m'maganizo ndikamayendetsa galimoto popita kunyumba, mpaka makutu a Trent atafiira. Choncho ndinkangomupatsa moni m'khondemo, iye n'kundibwezera.

Mayeso a ola limodzi anawamaliza m'mphindi zisanu ndi imodzi. Trent anandiitanitsa masana omwewo n'kundionetsa pepala la makina, limene limaonetsa nthawi imene mwana wataya pa funso lililonse: masekondi atatu, anayi, atatu. Malikisi anali otsika kuposa a mu Sepitembala. Anandifunsa ngati pali amene anamuuza mwanayo za mitundu ya makadi. Ndinati ana si zitsiru, amaona okha amene akutengedwa ndi amene akusiyidwa. Sanakumbe zambiri. Anangofunsa ngati ndinawerenga imelo imene ofesi yaikulu inatumiza mu Januwale.

Sindinaiwerenge. Maimelo a ku ofesi yaikulu amabwera asanu ndi awiri patsiku, ndipo ine ndinasiya kalekale kuwatsegula, n'kumadzitama nazo pomwa khofi ndi anzanga. Imeneyo inkati kuyambira chaka chino sekondale izigawa ana a giredi 9 m'magulu potengera zotsatira za mu Malichi, chifukwa ndondomeko ya maphunziro amaikonza mu Epulo, za mayeso a boma zisanatuluke. Ofiira azikhala pa kompyuta mapiriyodi awiri tsiku lililonse, ndipo kuti malo apezeke amachotsa mbiri. Gulu limeneli ku sekondale amalitcha la kuchipinda chapansi, poti makalasi ake ali pansi pa nyumba, pafupi ndi makina otenthetsera. Ana anga ambiri analowako, ndipo ndimakumana nawo m'sitolo atavala majombo oyera a ku fakitale ya nkhuku, sukulu asanamalize.

Ndinapempha kuti alembenso. Trent, ndimuyamikire pamenepa, anaimba foni ku ofesi yaikulu ine ndili pomwepo, ndipo anayankhidwa kuti makina salola mwana kulemba kawiri. Njira inali imodzi yokha: kholo lipite lokha ku ofesiko, pasanathe masiku khumi a sukulu, pakati pa 9 koloko m'mawa ndi 3 koloko masana, likasayine kuti likutsutsa zotsatirazo.

Lolemba lake Jazlyn analowa piriyodi yachitatu akukoka mpando umene anautenga yekha ku makompyuta. Anauika kutsogolo, pafupi ndi tebulo langa, n'kuuza anzake kuti kadzidzi uja wamusiya akulira. Ana anafa ndi phwete. Ine ndinamwetulira, poti sindikanachitira mwina, ndipo sindinamuuze kanthu. Ndinkati nkhani ikakonzeka sadzadziwa n'komwe kuti panali nkhani.

Masiku khumi amenewo anaphunzira kuposa miyezi yonse ya m'mbuyo. Tinali pa nkhani ya amuna amene adadzitsekera m'chipinda chilimwe chathunthu kulemba malamulo a dziko latsopanoli, phunziro limene chaka chilichonse limagonetsa ana. Jazlyn anafuna kudziwa amene ankawachapira malaya amunawo masiku onsewo, ndiponso ngati analipo wina amene anamufunsa wochapayo maganizo ake. Anatsutsana ndi theka la kalasi, anawerenga mokweza ndime yathunthu mosauzidwa, akuphunthwa apa ndi apo koma osaima.

Ndinalemba kalata ya masamba atatu n'kupita nayo ndekha ku ofesi yaikulu nditaweruka. Ndinapeza mayi wina waulemu akutseka pawindo. Anaiwerenga, kundimvera chisoni, n'kunena kuti kalata ya mphunzitsi amaiika m'fayilo ya mwana koma siingatsegule mlandu, pakufunika siginecha ya kholo, pamaso pawo.

Bambo Wendell Tull ndinawapeza pafoni ali mu lole, injini ikulira. Anamvetsera zonse osandidula. Kenako anati iwonso anaphunzira m'chipinda chapansi chomwecho zaka zitatu, ndipo si kumanda ayi, munthu amatulukako ali moyo. Ndinawauza mmene mwana wawo akuwerengera tsopano. Anayankha kuti anamumva tsiku lina akuwerenga yekha kukhitchini ndipo anaganiza kuti ndi wailesi. Vuto lawo linali lakuti ku fakitale munthu akajomba amamulembera chizindikiro, zizindikiro zikakwana zisanu ndi chimodzi ntchito yatha, ndipo iwo anali nazo kale zinayi. Analonjeza kuti Lachinayi asinthana ndi mnzawo. Ndinawapempha kuti asamuuze kaye Jazlyn, iwo anati ngakhale akanafuna sakanadziwa poyambira.

Lachinayi ndinapempha theka la tsiku n'kukawadikira m'galimoto panja pa ofesi yaikulu. Itadutsa 2 koloko ananditumizira uthenga wakuti lole ya mnzawo yafera panjira nkhuku zili pamwamba, ndipo atumidwa kukazitenga zisanafe. Lachiwiri lotsatira ndinakadikiranso. Tsiku limenelo sanatumize uthenga, ndipo sindiwaimba mlandu, chifukwa munthu sangasayinire mwana mapepala n'kusowa chomudyetsa. Lachitatu masiku khumi aja anatha.

Makalata ochokera ku sekondale amabwera chapakati pa Epulo m'maenivelopu omata, ndipo amagawidwa ndi mphunzitsi wa piriyodi yachitatu. Ya Jazlyn ndinaisunga m'dirowa mpaka belu litalira, n'kumupempha kuti atsale. Anaitsegula ataimirira. Anawerenga yekha masamba onse awiri mpaka pansi, osandifunsa liwu ngakhale limodzi.

"Mbiri palibe apa."

"Palibe."

"Chaka chonse?"

Ndinati chaka chonse, mwinanso kupitirira. Ndinamufotokozera kumene malikisi a mu Malichi anapita, za imelo imene sindinaitsegule, za masiku khumi, za maulendo anga ku ofesi yaikulu, za lole ya mnzawo wa bambo ake. Ndinafotokoza motalika, monga amachitira munthu wolakwa. Iye anandilola kuti ndimalize.

"Tsiku lija pakhomo apo, nditafunsa za mu Malichi, munadziwa chimene ndikufuna kuchita?"

"Ndinadziwa."

"Nanga osandiletsa bwanji? Inu ndinu aakulu."

Ndinafunafuna bodza labwino m'mutumu, ndipo analipo angapo, koma mwanayu anali atandipempha kale kuti ndisamamunamize. Ndinamuuza kuti ndinkafuna abwerere.

Anapinda kalatayo kanayi, kuiika m'thumba la jinzi, n'kukoleka chikwama paphewa. Sanalire ndipo sanakweze mawu.

"Ndabwera nanga, madamu."

Kuyambira tsiku limenelo mpaka sukulu inatsekera mu Juni sanajombe ngakhale kamodzi ndipo sanachedwepo. Ankakhala kutsogolo penipeni, manja atapinda padesiki, n'kumandiyang'ana kumaso ola lonse. Ndikagawa mapepala ankalandira lake, kunena zikomo, n'kulitembenuza zolemba zili pansi. Ndikamufunsa funso ankati sakudziwa. Masabata asanu ndi atatu amenewo ndinaphunzitsa ndikuyang'ana ana a kumbuyo.